Khobidi la Mayi Zlata

Chivomerezi chitagwedeza mzinda wa Sisak kumapeto kwa chaka, nyumba ya bambo Velimir inang'ambika kuyambira kudenga mpaka pamaziko. Eni akewo anawasolola pansi pa kabati ya zovala chiuno chitathyoka, uku akutukwana owanyamulawo kuti awapondera magalasi. Anali dokotala wa mano wopuma pantchito. Akazi awo anali atamwalira kalekale, ndipo mwana anali naye mmodzi yekha, Nevenka, amene ankakonza tsitsi la amayi pa kasaluni kake pafupi ndi siteshoni ya sitima.

A boma anamata chipepala chofiira pachitseko, kusonyeza kuti nyumbayo ndi yogwetsa, ndipo Nevenka anamulola kulowamo m'mawa umodzi wokha kuti atulutse zimene angathe. Kunja kunkazizira kofa nako, nthaka nayo inali isanaleke kunjenjemera. Mwamuna wake Tihomir anaimika lole yobwereka pamsewu osazimitsa injini.

Nevenka anayamba ndi zimene ankadziwa kuti bambo ake sangakhale popanda izo: timatileyi tamatabwa todzaza makobidi amkuwa a Aroma akale, lililonse m'kaenvulopu kake, kenako mabuku, galasi lokulitsira zinthu, ndi tizitsulo totokosera mano timene mkuluyo anasandutsa zopalira makobidi. Sisak anamangidwa pamwamba pa mzinda umene Aroma ankasulirako ndalama, choncho makobidi oterewa ankatuluka m'minda, m'maenje a omanga nyumba, makamaka mumtsinje wa Kupa madzi akaphwa. Bambo Velimir anawatolera moyo wawo wonse.

Kukhitchini n'kumene Nevenka anaima kaye. Pawindo pankakhala mzere wa mabotolo a jamu odzaza mafuta a maolivi, ndipo m'botolo lililonse munkakhala timibulu takuda, makobidi osayeretsa amene ankanyikidwa miyezi kapena zaka kuti dothi ndi dzimbiri zifewe. Tsopano mabotolo onse anali pansi, ophwanyika. Mafuta anasakanikirana ndi pulasitala ndi ufa, ndipo fungo la mafuta okhalitsa linadzaza nyumba yonse. Fungo limeneli Nevenka anakula nalo ndipo ankadana nalo. Linkalowa m'buledi ndi m'yunifolomu ya kusukulu. Linkamukumbutsa bambo ake ataweramira patebulo Lamlungu lonse, osamva ngakhale mwana atawaitana mpaka kutopa.

Anatenga fosholo n'kuwolera zonse m'matumba a zinyalala. Atatsegula kabati ya mbale anapeza botolo lina laling'ono kuseri kwa makapu, lathunthu, losang'aluka n'komwe, lovundikira ndi kansalu kabuluu komanga ndi ulusi. Analikweza kuwindo. Munali chibulu chimodzi chokha, chonenepa ngati batani la jasi. Panja Tihomir analiza hutala. Nevenka akanatha kuliika m'thumba la jasi lake, malo analimo. Koma anaganiza za bambo ake akudzakhala m'kanyumba kake kothina, mabotolo a mafuta akuyambanso kufola pawindo lake, ndipo analiponya m'thumba la zinyalala. Pasanapite nthawi makatapila anagwetsa nyumbayo, malole n'kututa zonse.

Bambo Velimir anatuluka m'chipatala chisanu chikutha, ali pa njinga ya olumala. Nevenka anawapatsa chipinda chowala kuposa zonse n'kuwaikira tebulo pawindo. Tsiku loyamba lomwelo anaitanitsa matileyi awo, ndipo anayendera mafumu a pa makobidiwo mmodzimmodzi ngati munthu wolonjera abale pamaliro. Atakhutira kuti palibe wasowa anafunsa za mabotolo. Nevenka anawauza kuti onse anasweka, iwo n'kungogwedeza mutu.

"Nanga la nsalu yabuluu? Limenelo silinali pawindo. Ndinkalisunga m'kabati, kuseri kwa makapu."

Nevenka anali akupukuta mbale atawafulatira. Pakamwa panayankha mutu usanaganize.

"Lilipo, Tata. Lili m'makatoni amene tasungitsa kugalaja kwa mlamu."

Mkuluyo anapumira m'mwamba, nkhope n'kumasuka, ndipo anamufotokozera nkhani ya botololo. Chaka china cha chilala, Nevenka akadali mwana wamng'ono, iwo ndi akazi awo Zlata ankayenda m'mbali mwa Kupa pansi pa mlatho wakale wanjerwa. Zlata, amene ankaseka kwambiri za makobidi, anavula nsapato n'kulowa m'madzi ofika m'mawondo kuti aziziritse mapazi. Anaponda chinthu cholimba, anachitola, n'kuchiponyera mwamuna wake akuti, “Nayi mfumu yako, dokotala, ukaizule mano.” Bambowo anachinyika m'mafuta, Zlata n'kung'amba kansalu ku diresi lake lakale kuti avundikire. Poyamba Zlata ndiye ankakaniza kuti chisapalidwe, ati chikapezeka kuti ndi batani achita manyazi. Zlata atamwalira, bambowo sanathenso kuchigwira. Koma atagona pansi pa kabati ija, fumbi lili m'kamwa, chimene chinawapweteka kwambiri n'choti akufa osadziwa mfumu imene Zlata anawatolera. Anadzilonjeza kuti akapulumuka aiona nkhope yake.

Mwina nkhaniyi inanenedwapo kale Nevenka ali pomwepo, koma pa za makobidi iye anatseka makutu ali wamng'ono. Tsopano anakumbukira ngakhale diresi labuluu lija, mayi ake atalivala akuyanika zovala. Anaika mbale pansi mosamala n'kukadzitsekera m'bafa.

M'mawa mwake sanatsegule saluni. Anapita kuchigwa cha kunja kwa mzinda kumene ankataya zigumu za nyumba zonse zogwa. Mlonda anamulola kulowa atamuona mmene nkhope inalili. Anapeza mapiri a njerwa, matailosi, mafelemu a mawindo ndi matiresi onyowa, makatapila akukankha zatsopano pamwamba pa zakale. Anakwera phiri limodzi, anafukula ndi manja mpaka zikhadabo zinathyoka, osadziwa n'komwe ngati nyumba ya bambo ake inali m'phiri limenelo kapena lina. Anabwerera ndi nsapato zong'ambika.

Tihomir anamuuza kuti madzi akatayika sawoleka, angowauza zoona. Mkuluyo akalipa, atukwana, kenako apempha khofi. Nevenka anayankha kuti iyeyo sanaione nkhope ya bambo ake pamene ankamva kuti botolo lilipo. Anthu ambiri okalamba amene anachotsedwa m'nyumba zawo chaka chimenecho ankangofota, ndipo iye ankaopa kuti akawalanda ichinso, sadzadzukanso pabedi.

Lamlungu lotsatira anakwera sitima kupita ku Zagreb, kumsika wa zinthu zakale. Kumeneko anapeza bambo wina ali ndi beseni lodzaza makobidi osayeretsa. Anasanthula mpaka anapeza lonenepa kuposa onse, lokutidwa ndi nkhanambo yakuda mbali zonse. Atafunsa kumene linachokera, wogulitsayo anaseka n'kunena kuti thumba lonselo analigula kwa ana a munthu wina womwalira amene ankayenda panyanja, kumene analitenga akudziwa ndi Mulungu. Nevenka sanasamale za mawuwo. Kunyumba anali ndi pilokesi imene mayi ake anasoka kuchokera ku diresi lomwe lija. Anaidula pakona ndi sizasi yometera tsitsi. Khobidilo analinyika m'mafuta m'botolo laling'ono la jamu, n'kuvundikira ndi kansaluko. Botolo analibisa kusaluni kuseri kwa mankhwala a tsitsi kuti mafuta achite bii, ndipo kwa milungu ingapo ankauza bambo ake kuti mlamu wachokapo ndi makiyi a galaja.

Tsiku limene analibweretsa, bambo Velimir analigwira ndi manja awiri n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Nevenka anaima pakhomo.

"Lachepa," anatero mkuluyo. Kenako anamwetulira. "Mafuta adya dothi. Tonse tachepa, mwanangu."

Kuyambira pamenepo anakhala munthu wina. Ankadzuka m'mamawa, kumeta ndevu, kuchita mafizo amene poyamba ankakana, kenako n'kukhala pawindo ndi galasi ndi kachitsulo kawo. Ankapala pang'onopang'ono, kanyenyeswa kamodzi, kupukuta, kubwezera m'mafuta. Ankadandaula kuti nkhanamboyo ndi yamakani ngati mwini wake Zlata, zaka zonsezi m'mafuta koma osafewa. Ankaitana Nevenka kuti adzaone, ndipo iye, amene moyo wake wonse sanayang'anepo m'galasi limenelo, tsopano ankabwera msanga chifukwa analibe mphamvu yokana. Choyamba kunatuluka khutu. Kenako mphuno, ndevu zazifupi, ndi nkhata ya masamba kumutu. Bambowo ankamuphunzitsa kuti umayamba ndi mutu, kuona ngati mfumuyo ili ndi ndevu kapena yometa, ngati yavala masamba kapena chisoti cha minga. Kenako umawerenga zilembo zozungulira m'mphepete. Pomaliza umatembenuza n'kufufuza pansi, pamene osula a mumzinda wawo ankadinda zilembo zitatu, SIS. Ankayankhula mosathamanga, mokoma mtima, mmene sanayankhulirepo naye ali mwana. Nevenka ankamvetsera zonse.

Zilembo zitatu zija sizinapezeke. Za m'mphepete nazo zitayamba kuoneka sizinali za Chilatini. Bambo Velimir anatha masana onse akutsegula mabuku, kenako anauza Nevenka kuti aimbire Bartol, mnzawo wotolera naye makobidi kuyambira unyamata, amene ankapikisana naye pa chilichonse.

"Iwe wozula mano, wandikwezera masitepe onsewa kuti ndidzaone batani la thalauza?" anatero Bartol akulowa ali wefuwefu.

"Khala pansi, nkhalamba yakhungu, upukute magalasi akowo."

Bartol anaweramira pagalasi, ndipo nthabwala zinamuthera. Zilembozo zinali za Chigiriki. Mfumuyo inali Probus. Kuseri kunali chiwombankhanga, phiko limodzi likadali m'nkhanambo. Khobidi lotere linkasulidwa ku Alexandria, ku Iguputo, ndipo linkagwira ntchito m'dziko lomwelo basi. Kunja kwa Iguputo sukanagula nalo ngakhale dzira. Nanga linafika bwanji pansi pa mtsinje wa Kupa?

Akuluakulu awiriwo anamwa kachasu wa zipatso za maplamu amene dokotala wa kuchipatala analetsa, n'kuyamba kuumba nkhani. Anati ndi msilikali, mnyamata wa konkuno amene anatumizidwa ku Iguputo, n'kubwerako ndi khobidi limodzi lachikumbutso, ndipo powoloka mtsinje wakwawo analiponya m'madzi kuthokoza milungu yake. Tsiku lililonse msilikaliyo ankawonjezeka. Anapeza mayi womudikira, mwendo wotsimphina, ndi chibwenzi chimene anasiya ku Alexandria. Bambo Velimir ankauza nesi, wobweretsa makalata, aliyense wolowa m'nyumbamo, kuti mkazi wawo, munthu woseka makobidi, ndiye anatola chinthu chimene iwo ndi Bartol sanachipezepo zaka zawo zonse. Nevenka akamva dzina la mayi ake likutchulidwa pa chinthu chimene anasankha yekha m'beseni, ankatuluka kupita pakhonde. Kusaluni anayamba kulakwitsa, tsiku lina mpaka anadula mayi wina tsitsi mbali imodzi kupitirira. Tihomir analeka kumuuza kanthu, ankangomuyang'ana.

Bartol ndiye anabweretsa mayi Jadranka, wogwira ntchito kunyumba yosungiramo zinthu zakale, mayi waulemu amene bambo Velimir anamuzulapo dzino ali mtsikana. Mkuluyo anavala tayi. Mayiyo analiyang'ana khobidilo mofatsa n'kuvomereza kuti aliwerenga bwino. Anati ngati linatulukadi mu Kupa ndi chinthu chofunika kuchilemba kuti ophunzira za mbiri ya mzindawo achidziwe, ndipo akalola kulipereka, adzaliika m'galasi, pansi pake n'kulemba dzina la amene analitola. Bambo Velimir anavula magalasi n'kuwapukuta kwa nthawi yaitali. Mayi Jadranka anapempha chinthu chimodzi, kuti amuonetse malo enieniwo ajambule.

Anapita Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo. Nevenka ankakankha njinga m'kanjira ka m'mbali mwa mtsinje, Bartol akutsatira ndi ndodo, mayi Jadranka atakolowetsa kamera m'khosi. Atafika pansi pa mlatho wanjerwa, bambo Velimir analoza pafupi ndi chipilala chachiwiri. Anati Zlata anaima apo, diresi atalikwinyira m'manja, nsapato atasiya pamwala uwo. Mayi Jadranka anakweza kamera.

"Musajambule," anatero Nevenka.

Onse anatembenuka. Iye anazungulira njinga n'kugwada pamiyala kuti ayang'anizane ndi bambo ake.

"Tata, khobidi limenelo si la Mama. Ndinaligula ku Zagreb, pamsika. La Mama ndinalitaya tsiku lija ndinkatulutsa katundu."

Mkuluyo anamuyang'ana ngati sanamve chinenerocho. Kenako anafunsa motsitsa ngati botololo linali litasweka.

"Ayi. Linali lathunthu. Ndinaligwira m'manja, ndinaliponya ndekha."

Pamwamba pa mlatho pankadutsa anthu akuseka zawo. Bambo Velimir anayang'ana madzi, kenako manja awo, ndipo anati awabwezere kunyumba chifukwa akumva kuzizira. Bartol, amene ankavutika kuyenda yekha, anapatsa mayi Jadranka ndodo yake n'kugwira njinga, Nevenka osamuletsa. Pobwerera mayi Jadranka anatsalira naye m'mbuyo n'kumuuza chapansipansi kuti wachita bwino kunena zisanasindikizidwe, chifukwa bodza likalowa m'mabuku limakhala zaka zambiri. Nevenka sanaone ubwino uliwonse pa zimene anachitazo.

Tihomir analosera molakwa. Bambo Velimir sanakalipe, sanatukwane. Ankathokoza kapu iliyonse ya khofi, mbale iliyonse ya supu, ngati mlendo wogona kwa anthu osawadziwa. Analeka kumeta ndevu. Khobidi lija linakhala patebulo pa kansalu, phiko la chiwombankhanga likadali lokwiririka, ndipo sanaligwirenso. Bartol ankabwera kudzakhala nawo, koma za msilikali palibe anazitchula. Nevenka akanakonda atamutukwana. Ankalowa m'chipindamo ndi zifukwa zopanda pake, kudzatsegula windo, kudzatseka windo, iwo n'kumati zikomo.

Masana ena Lamlungu, Nevenka akuwasinthira nsalu za pabedi, bambo ake anamuitana dzina. Anamufunsa ngati analiyang'ana khobidi la mayi ake lija asanaliponye. Iye anavomera. Anafunsa ngati mbali imodzi inali itayamba kubiriwira, chifukwa ulendo womaliza atalisuzumira ankaona ngati m'mphepete mwatuluka kanthu konga chilembo. Nevenka anafufuza m'mutu mwake ndi mtima wonse. Iye ndiye anali munthu womaliza kuliona khobidilo padziko lapansi, koma chimene ankakumbukira ndi hutala ya lole basi. Anawauza kuti sakudziwa.

"Nanga unalitayiranji?"

Akanatha kunena za mantha, za nthaka yonjenjemera, za kufulumira, ndipo zonsezo zikanakhala zoona pang'ono. Koma anali atatopa ndi zoona zapang'ono.

"Sindinkafuna fungo lija m'nyumba mwanga. Ndinkadana nalo kuyambira ndili mwana."

"Ukanandiuza."

"Ndinkakuuzani, Tata. Munali pagalasi."

Mawuwo atangotuluka analakalaka atawameza. Mkuluyo anatembenukira kuwindo, ndipo Nevenka anamaliza kuyala bedi mwakachetechete, akudziwa kuti pa chilonda choyamba wawonjezerapo china.

Kumapeto kwa chilimwe Tihomir anabwera ndi nkhani imene anamva kwa mnzake woyendetsa malole. Zigumu zonse za kuchigwa zija anazigaya n'kuzithira pansi pa msewu watsopano wolowera kumidzi ya kum'mwera, ndipo phula anali atathira kale. Anainena patebulo akudya, kenako n'kuzindikira chimene wanena, supuni n'kuima m'malere. Bambo Velimir anafunsa kuti ndi msewu uti. M'mawa mwake Nevenka anawapeza atameta ndevu, atavala jekete, akumudikira kuti awayendetse kumeneko.

Msewuwo unali wakuda bii, wosalala, wodutsa pakati pa minda ya chimanga chouma ndi nyumba zosakhalitsa zimene anthu ogwetsedwa nyumba ankakhalamo. Panalibe choona. Bambowo anatsitsa galasi la galimoto n'kumayang'ana phula likuthawira m'mbuyo. Anayenda mtunda wautali.

"Chepetsa liwiro," anatero kenako. "Ukuthamangira chiyani pamutu pa mfumu?"

Nevenka anachepetsa mpaka thalakitala inawadutsa. Anafuna kupepesanso, koma mkuluyo anakweza dzanja kumuletsa. Anati mwina linali batani ndithu, Zlata anali ndi mwayi wa mabatani. Anayesa kuseka, kusekako sikunatuluke bwino, ndipo anapukuta m'maso ndi chala. Pamene phula latsopano linathera anamuuza kuti atembenuke, abwerere njira yomweyo.

Mlungu womwewo anamaliza kupala phiko la chiwombankhanga, chifukwa ankati ntchito yosiyira panjira imawasowetsa tulo, ndipo khobidilo anapatsa Bartol. Anakhala ndi Nevenka zaka zina ziwiri, nthawi zina akukangana ngati kale, ndipo za botolo lija sanazitchulenso. Bambowo atamwalira, Nevenka anapereka makobidi onse kunyumba yosungiramo zakale monga anafunira eni ake. Mayi Jadranka anamuitana kangapo kuti adzaone mmene anawayalira m'galasi. Nevenka ankayankha kuti abwera saluni ikachepa anthu, koma mpaka lero sanapiteko.